Chitseko Chotseka ku Nyumba za Aphunzitsi

Nkhani ya mwana wanga wachisamba yakambidwa ndi anthu ambiri m'chigwa cha Domasi, ndipo pafupifupi onse amaikamba molakwika. Posachedwapa ndinaimva pamaliro ena ku Malosa, ikufotokozedwa ndi munthu amene anali asanabadwe pamene zinthuzi zinkachitika. Iye ankati kunabwera dokotala wachizungu amene anabaya mwanayo jakisoni, ndipo tsiku lomwelo mwana anayamba kulankhula. Ndinamusiya amalize, pakuti pamaliro si pokonzera zolakwa za anthu. Pano ndikonza. Amene anabwera sanali mzungu; anali mayi wachimalawi, wokulira ku Blantyre. Sanali dokotala wa mankhwala, ndipo m'chikwama mwake munalibe jakisoni kapena mapiritsi. Anali katswiri wa za maganizo, amene ankaphunzitsa pakoleji ina ku Zomba. Komanso mwana wanga sanachire, chifukwa vuto lake silinali la mtundu umene umachira. Chimene chinkandisowetsa mtendere chaka chimenecho chinali funso limodzi: kodi mwanayo apitiriza kukhala m'nyumba mwanga, kapena atsibweni ake amutenga?

Zinali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ndinali mphunzitsi wa Chichewa pasukulu ina ya pulaimale m'chigwamo, ndisanafike zaka makumi atatu, ndipo ine ndi mkazi wanga tinkakhala m'nyumba za aphunzitsi zimene zinandandalikana kuseri kwa bwalo la mpira. Mkazi wangayo ndi wa kumunsi kwa chigwa, kumene abale ake amalima mpunga m'madambo. Makolo awo akale anachokera ku Mozambique. Kwawoko ana ndi a kuchikazi. Bambo amabala ndi kulera, koma mwini mbumba ndi mlongo wa mayi. Zimenezi ndinkazidziwa pokwatira, ndipo sizinkandidetsa nkhawa, popeza sindinkaona chimene chingandiyambanitse ndi alamu anga.

Mwanayo anabadwa wathanzi, ndipo anakwawa ndi kuyenda pa nthawi yake. Chachilendo chinali chakuti sankayang'ana munthu kumaso. Alendo akabwera ankazolika, ndipo iwo ankatiyamikira kuti tikulera mwana waulemu. Chiyamikirocho tinkachilandira ndi manja awiri. Koma anafika zaka zinayi asanatchule liwu lililonse. Mukamuitana sankacheuka, komabe wina akamenya chitsulo cha sukulu, chimene chinali chopachikidwa pamtengo wa mango, ankatseka makutu n'kukuwa ngati waponda moto. Kuchipatala anamuyeza makutu nati akumva bwino lomwe. Tsiku lonse ankatolera zitsekerero za mabotolo n'kumazindandalika m'mphepete mwa khonde, ndipo wina akasuntha chimodzi ankadziluma padzanja mpaka magazi. Akafuna madzi ankagwira dzanja la amayi ake n'kuliika pamtsuko, ngati kuti dzanjalo ndi chikho chabe. Kangapo konse tinamupeza akulowera yekha kumtsinje.

Chaka chimene iye anabadwa n'chimenenso ndinasankhidwa kukhala wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, kudumpha anzanga amene anayamba ntchito ine ndili pasukulu. Posakhalitsa ndinagula njinga yatsopano ndi wailesi. Owerenga achinyamata mwina sangaone kugwirizana kwa zinthu ziwirizi, choncho ndifotokoze. Kuno kuli chikhulupiriro chakuti munthu wofuna chuma kapena udindo amapita kwa sing'anga, napereka nzeru za mwana wake kukhala chizimba. Mwana amazerezeka, bambo amakwera. Amati wamukhwimira. Kwa nthawi yaitali mawu amenewa sanafike m'makutu mwanga. Ndinkangoona kuti akazi a aphunzitsi anzanga ankadula nkhani ndikamadutsa pampopi, ndipo ena anayamba kuitana ana awo akawaona akusewera pafupi ndi khomo langa.

Amene anafikitsa mawuwo kwa ine anali alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, mlimi wamfupi wokonda nthabwala zoluma. Anabwera m'nyengo yowokera mpunga, matope ali mpaka m'mawondo, nakhala pampando wa ndalema umene ndinawapatsa. Maso awo anathamangira kunjinga.

"Alamu, njingayi ikuwala kuposa mwini wake. Zonsezi ndi choko basi?"

Ndinayankha kuti ndinaigula ndi malipiro anga, pang'onopang'ono.

"Eya, choko chikulemeretsa masiku ano. Ifenso tisiye khasu. Nanga mwana wathuyu wayamba kulankhula?"

"Sanayambe."

"Mumawongola malilime a ana a eni tsiku ndi tsiku, wanu m'nyumba ali duu. Sizikukudabwitsani, aphunzitsi?"

"Zikundidabwitsa, alamu, ndipo zikundiwawa."

Anayang'ana mwanayo, amene anali kalikiliki ndi zitsekerero zake, ndipo kuseka kunawathera.

"Tamverani. Ine sindikunena kuti mwachita kanthu. Akunena ndi anthu, koma ine ndili ndi makutu, ndipo mbumba ndi yanga. Tikamweta mpunga ndidzabweranso. Ndikadzamupeza ali chomwechi ndidzamutenga, akakhale kwawo, kutali ndi chimene chikumudya."

Ndinangowaperekeza. Kukana mwamphamvu kukanaoneka ngati ndikuteteza chizimba changa. Kuvomera kukanaoneka ngati ndaulula. Mkazi wanga anamva zonse ali m'khitchini, ndipo sanatuluke kudzawaperekeza.

Kuchokera pakhomo la kalasi langa, munthu ankatha kuona madambo kumunsi. M'mawa uliwonse, ana akulemba, ndinkaima pamenepo n'kumayang'ana mtundu wa mpunga. Sindinadanepo ndi mbewu m'moyo wanga, koma chaka chimenecho ndinkadana ndi mpunga chifukwa choti unkakula bwino.

Mayi wa ku Zomba uja sanabwere chifukwa cha ife. Anabwera ndi ophunzira ake kudzaona mmene ana a Sitandade 1 amaphunzirira kuwerenga, ndipo poti ndinali wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, tiyi wa alendo anakonzedwa kunyumba kwanga. Enafe tikulowa m'nyumba, iye anatsalira pakhonde. Nditasuzumira ndinamuona atanjuta pafupi ndi mwana wanga, diresi yake ya m'tauni ikukhudza fumbi. Anatola chitsekerero chimodzi nachiika kumapeto kwa mzere. Mwanayo anachichotsa. Iye anachibwezera. Mwanayo anachichotsanso, osamuyang'ana. Ndinkadziwa kuti kudziluma kuli pafupi, ndipo zikanachitika pamaso pa alendo a sukulu. Koma mayiyo anasiya, nangopenya. Tiyi wake anazizira.

Anapempha kuti abwerenso, ndipo anabweradi sabata yotsatira, ali yekha, atanyamula kabokosi. Mafunso ambiri anafunsa mkazi wanga, osati ine: mmene mimba inayendera, ngati mwanayo analira pobadwa, ngati anadwalapo malungo aakulu, ngati amaloza chinthu ndi chala, ngati amabweretsa chimene watola kuti amayi ake achione. Chichewa chake chinali cha m'tauni, chodzala ndi Chingerezi, ndipo pa tsiku lina ndikanachikonza. Tsiku limenelo ndinkangomvetsera. Kenako anatulutsa timatabwa, kabelu ndi kampira, nayesa mwanayo m'njira zosiyanasiyana mpaka dzuwa linapendeka. Zambiri mwanayo sanazilabadire.

"Kodi n'chiyani, amayi?" ndinafunsa.

"Dzina lake lilipo m'Chingerezi, koma dzinalo silikuthandizani. Ubongo wake unakula mwa njira yakeyake. Ana otere amabadwa kulikonse, kwa olemera ndi kwa osauka. Palibe amene anamuchititsa."

Ndinamupempha kuti abwereze chiganizo chomalizacho, mkazi wanga akumva. Anabwereza.

"Achira?"

"Ayi, aphunzitsi. Sindikunamizani. Koma aphunzira. Pang'onopang'ono kwambiri, ndipo mwina si zonse zimene mukufuna."

Anatipatsa ntchito. Anati chiyambi cha kulankhula ndi kuyang'ana nkhope ya munthu, pakuti mwana ayenera kuzindikira kaye kuti madzi amachokera kwa munthu, osati kudzanja. Tsiku lililonse ndikaweruka, ndinkayenera kulowa naye m'chipinda chopanda zinthu zambiri, kutseka chitseko ndi kukoka katani, kuti phokoso ndi anthu zisamusokoneze. Ndinkayenera kugwada kuti maso athu alingane, kugwira kapu ya madzi pafupi ndi nkhope yanga, ndi kudikira. Akangondiyang'ana, ngakhale mwakuphethira kumodzi, ndimupatse madziwo nthawi yomweyo, pamodzi ndi kanjere ka mtedza wokazinga, umene ankaukonda. Anatisiyiranso kagalasi, kuti nthawi zina ndizimuonetsa nkhope yake ndi yanga zili pamodzi. Anasankha ine osati amayi ake, chifukwa kwa amayi ake mwanayo anazolowera kupeza chilichonse osapempha, komanso iwo anali ndi khanda kumsana.

"Chinanso," anatero akumwetulira. "Ziganizo zanu n'zokongola, koma kwa iye zikungodutsa ngati madzi a mumtsinje. Liwu limodzi. Madzi. Kenako khalani chete."

Lamulo limenelo linandilemera kuposa kugwada, koma ndinalisunga.

Masabata oyamba sanabale kanthu. Mwanayo ankakoka dzanja langa, ankalira, ankadziluma, ndipo ine ndinkatuluka m'chipindamo malaya atanyowa ndi thukuta. Kumunsi mpunga unali utayamba kumasula. Mayi uja ankabwera Loweruka lina ndi lina pa basi, kuonerera mmene ndikuchitira ndi kundikonza: ndinkachedwa kupereka madzi, kapena ndinkatchula liwu lija mokweza ngati ndili m'kalasi. Ndiyeno madzulo ena, dzuwa lisanalowe, mwanayo anatukula maso nandiyang'ana. Kunali kanthawi kochepa zedi, koma aka kanali koyamba kuti ndione bwinobwino maso a mwana wanga akundiona. Ndinataya madzi ena pansi pofulumira kumupatsa.

Ndinatuluka kuti ndikauze mkazi wanga. Ndinamupeza akupeta, ndipo sanasiye kupeta.

"Bambo ake, ndifunse?"

"Funsani."

"N'chifukwa chiyani mumatseka chitseko?"

"Munalipo pamene amayi aja ankalamula."

"Ndinalipo. Koma anthu akandifunsa, ndiziti chiyani? Ine ndemwe sindiona zimene mumachita."

Anafunsa motsitsa mawu, maso ali m'lichero. Pamenepo ndinazindikira kuti nkhani ija yalowa m'nyumba mwanga momwe. Ndinamuuza kuti alowe mawa lake adzaone, ndipo analowadi. Koma mwanayo atangoona amayi ake anathamangira kwa iwo nakana china chilichonse. Mkazi wanga anatuluka osaona kanthu.

Amene anaona anali mkazi wa mphunzitsi wa nyumba yoyandikana nafe, mmodzi wa akuluakulu amene ndinawadumpha pa udindo. Anabwera kudzabwereka sefa, sanapeze munthu panja, ndipo anasuzumira pamene katani sanafike. Chimene anakanena pampopi sindingachitche bodza. Anaona mwamuna atagwada m'chipinda cha mdima masana, atagwira galasi patsogolo pa mwana wosalankhula, akunong'ona liwu limodzi mobwerezabwereza, kenako akuika kanthu m'kamwa mwa mwanayo. Aliyense wokulira m'chigwa chino amadziwa amene amagwiritsa ntchito galasi m'chipinda chotseka: ndi woombeza. Ine ndinakulira pakati pa anthu omwewa, ndipo ndinkazidziwa. Koma maganizo anga onse anali pa maso a mwanayo ndi pa mtundu wa mpunga.

Alamu sanadikire kumweta. Anafika Lachinayi lina masana, mpunga utangoyamba kufiira, atakwera njinga yobwereka. Pakaliyala anali atayalapo thumba, ndipo m'manja anali ndi chitenje chomangira mwana kuti asagwe m'njira. Mpando anaukana.

"Alamu, ndamva kuti mwatsegula chipatala. Galasi muli nalo, mankhwala muli nawo. Mumalipiritsa zingati?"

"Ndi mtedza, alamu. Mtedza wamba."

"Mtedza umadyedwa pakhonde. Wodyera m'chipinda chotseka ndi mtedza wanji?"

Ndinayesa kufotokoza za mayi wa ku Zomba, za maso ndi za kapu. Ndikulankhula ndinkadzimva ndekha, ndipo ndinaona kuti ndikanakhala iwo sindikanakhulupirira. Mphunzitsi wolongosola bwino amaoneka ngati wakonzekera bodza lake. Mkazi wanga anaima pakhomo ndi khanda. Mwanayo anali pamalo ake a masiku onse, osadziwa kuti chitenjecho ndi chake.

"Ndipatseni mpaka Loweruka," ndinatero. "Amayiwo abwere, muwafunse nokha."

"Ndipite kuti usiku mukamalize zimene munayamba? Iyayi. Ndidikira, koma ndidikirira pompano. Mundiyalire mphasa. Ndipo chitseko chija chisatsekedwenso ine ndili pano."

Vuto linali lakuti Loweruka limenelo mayiyo sanalonjeze kubwera. Lachisanu m'mawa ndinapempha chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu, ndinakwera njinga kulowera ku Zomba. Njira yonse ndinkaganiza chinthu chimodzi: bwanji ndikakapeza kuti wapita ku Blantyre? Bwanji alamu akasintha maganizo ine ndili m'njira? Pa Naisi tcheni chinaguluka, ndipo ndinalephera kuchibwezera mpaka munthu wina wodutsa anandithandiza. Ndinafika pakoleji paja manja ali bii ndi girisi, ndipo ndinadikira panja pa kalasi mpaka anamaliza kuphunzitsa.

Nditamufotokozera, anagwira pakamwa.

"Galasi! Mayo ine. Amayi anga akanamva akanandikalipira. Kumene ndinaphunzira ntchitoyi, chitseko chimatsekedwa kuti mwana asasokonezeke. Ndinaganizira za amene ali m'kati. Za amene atsala panja sindinaganize. Ndalakwitsa ndine, aphunzitsi. Mawa ndibwera."

Loweruka m'mawa ndinakamuchingamira kumsewu. Basi yoyamba inadutsa osaima. Anatsika m'yachiwiri, dzuwa litakwera kale, atamanga chitenje pamwamba pa diresi. Pofika kunyumba tinapeza anthu atadzaza: akazi a aphunzitsi, ana awo, ngakhale ena ochokera m'midzi yapafupi amene sindinkawadziwa. Palibe amene anawaitana. Mayiyo anagwada popereka moni kwa alamu, ndipo iwo anadabwa, pakuti ankayembekezera munthu wodzikuza.

Mayiyo anaganiza zoti tichite zonse poyera, pakhonde, aliyense aone. Ndinagwada ndi kapu yanga. Koma mwanayo, ataona khamu la anthu ndi kumva phokoso lawo, anatseka makutu, anadzigwetsa pansi, anakuwa, nadziluma mpaka magazi anadontha pasimenti. Wina kumbuyo anati, "Mwaona? Akuopa bambo ake." Ndinakhalabe chogwada, kapu ili m'manja, ndipo ndinaona alamu akupinda chitenje chija mosamala.

Mayiyo anaimirira nauza anthu, mwaulemu koma mosanyengerera, kuti apite, kupatula mwini mbumba. Anapita monyinyirika, ena nakaima patali pansi pa mango. Tinadikira nthawi yaitali kuti mwanayo atonthole ndi kubwerera ku zitsekerero zake. Kenako mayiyo anandilanda kapu naipereka kwa alamu.

"Atsibweni, chitani ndinu. Madzi mutunge nokha mumtsuko. Mtedza mulawe kaye. Galasi lisiyeni, silofunika kwenikweni."

"Ine? Ndichite chiyani?"

"Mugwade. Kapu muiike apa, pafupi ndi tsaya lanu. Munene kuti madzi, kamodzi kokha. Akakoka dzanja lanu musamupatse. Akakuyang'anani mumupatse."

"Ndigwadire mwana wa mlongo wanga? Dziko latha." Koma anatafuna mtedza, natunga madzi, nagwada.

Mwanayo anali ndi ludzu chifukwa cha kulira kuja. Anabwera, anagwira dzanja la atsibweni ake, nalikoka. Iwo analimba. Analikokanso. Anayamba kung'ung'udza, ndipo dzanja lake lopweteka lija linayamba kupita kukamwa. Ndinafuna kulankhula, kumuthandiza, kutchula liwu lija ndekha, koma mayiyo anandiyang'ana ndipo ndinatseka pakamwa. Mawondo a alamu anayamba kuwawa, ndinawaona akusuntha. Ndinali nditataya kale mtima pamene mwanayo anatukula mutu nawayang'ana m'maso. Iwo anaiwala kupereka madzi.

"Mpatseni! Mpatseni msanga!" anatero mayiyo.

Anamupatsa. Mwanayo anamwa, analandira mtedza, nabwerera ku mzere wake ngati palibe chachitika.

Alamu anadzuka akusisita mawondo.

"Ndiye mankhwala akewo ndi kudikira basi?"

"Kudikira, ndi kubwereza tsiku lililonse."

"Adzalankhula liti?"

"Sindikudziwa. Mwina mawu ochepa. Mwina ayi."

"Hm. Kuyang'ana, amayi, ngakhale nkhuku imayang'ana. Ine ndinati ndikamupeza ali chomwechi ndimutenga. Ali chomwechi."

Mayiyo sanatsutse. Amene analankhula anali mkazi wanga, amene kuyambira Lachinayi sanatchule kanthu pa nkhaniyi.

"Achimwene, kumudzi kuja madzi afika pakhomo penipeni. Inu mukakhala kudambo, akazi anu kudambo, amuyang'ana ndani?"

"Tidzam'mangirira pamtengo ndi nsalu, monga amachitira ena. Sadzasowa chakudya."

"Wanga samangidwa ngati mbuzi." Anasuntha khanda kumsana. "Inenso ndinakayika, achimwene, sindibisa. Ndinawafunsa bambo akewa. Koma dzulo, iwo ali ku Zomba, inu muli kumtsinje, ndinayesa ndekha ndi phala. Wandiyang'ana. Zaka zinayi ndamubereka kumsana, dzulo ndiye wandiyang'ana. Munthu wofuna kupha nzeru za mwana sangamuphunzitse kuyang'ana amake."

Alamu anakhala pansi pakhonde, chitenje chili pamiyendo. Anayang'ana kumunsi kwa chigwa. Kenako analankhula ndi ine.

"Alamu, mwana ndikumusiya. Osati chifukwa ndakhutira, koma chifukwa mayi wake wakana, ndipo sindingalimbane ndi mlongo wanga anthu akuona. Koma pali ziwiri. Choyamba, chitseko cha chipinda chija chichoke. Osati chitsegulidwe; chichoke. Chachiwiri, ndikadzamva kuti mwakwezedwanso pantchito mwanayu asanalankhule, sindidzafunsanso munthu. Ndidzangobwera."

Ndinayang'ana mayi wa ku Zomba. Iye anati popanda chitseko ntchito idzachedwa, koma idzatheka, bola anthu asamaunjikane. Za kukwezedwazo anati si zake kuyankha. Ndinavomera zonse ziwiri. Tinamasula chitsekocho masana omwewo, ndipo alamu anachinyamula okha nakachitsamiritsa kuseri kwa nyumba, kumene aliyense wopita kumpopi ankachiona. Anadya nafe, nakwera njinga yawo, chitenje atachimanga m'chiuno.

Mayiyo anapitiriza kubwera kwa chaka china ndi miyezi, ndipo anaphunzitsa mkazi wanga kugawa ntchito iliyonse m'tizigawo ting'onoting'ono: kuvala kabudula, kusamba m'manja, kuima akafika pamsewu. Kenako anapita kunja kukapitiriza maphunziro, ndipo sitinaonanenso. Mwanayo anatchula liwu lake loyamba ali ndi zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Limenelo silinathetse pangano langa ndi alamu, chifukwa iwo anati liwu limodzi si kulankhula, ndipo ine sindinafune kuyesa kuti ndione ngati akunena zoona. Pamene a ofesi ya maphunziro anandiitana kuti ndikakhale mphunzitsi wamkulu kusukulu ina, ndinakana, ndipo sindinathe kuwapatsa chifukwa chomveka. Anthu a m'chigwa sanabweze mawu awo aja, anangotopa nawo. Mpaka lero mwana wangayo ali nafe. Ndi bambo wa imvi zoyamba, amadziwa mawu owerengeka, amathirira ndiwo zamasamba kudimba, ndipo mlendo akabwera amamuyang'ana kamodzi, kenako n'kubwerera ku zake. Ine ndi amayi ake tikukalamba, ndipo za amene adzamusunge tikadzapita sitinagwirizanebe ndi abale.

Popeza okamba nkhaniyi amakonda kunena kuti zonse zinachitika mwaulere, ndilemba zimene zinalowapo. Mitengo yake sindiika, chifukwa ndalama za masiku amenewo sizingatanthauze kanthu kwa owerenga a lero.

Ndalama za basi za mayi uja, zimene ankalipira yekha, ndipo anakana kubwezeredwa.

Nkhuku imodzi ndi mpunga wa m'thumba laling'ono, zimene mkazi wanga anamukakamiza kulandira.

Mtedza wa zokolola ziwiri, wogula, popeza ife sitinkalima.

Mabandeji ndi mankhwala a zilonda za padzanja.

Udindo wa mphunzitsi wamkulu, pamodzi ndi malipiro ake ndi penshoni yake.

Chitseko cha boma, chimene chinadyedwa ndi chiswe kuseri kwa nyumba, ndipo ndinachilipira posamuka.

Ubwenzi wa mkazi wanga ndi mkazi wa mphunzitsi woyandikana nafe.

Tcheni chatsopano cha njinga.

Mathalauza awiri, amene anabooka m'mawondo.